Tiyi wa Apongozi ndi Piritsi la Chithokomiro

"Mumamwa bwanji piritsi lija?" anafunsa dokotala, maso ali papepala la zotsatira za magazi.

"Tsiku lililonse, adokotala. Sindinadumphitsepo," anayankha Nasingano.

Dzina limeneli anamupatsa anzake kushopu yosoka zovala, kale pamene ankamaliza madiresi atatu ena akadali pa loyamba. Chaka chino zinasintha. Nkhope inatupa, tsitsi linkatsalira pachipeso, ankavala juzi anzake akudzikupiza ndi makatoni. Kawiri konse anagona pamakina nsalu ili m'manja. Atamuyeza magazi, anapeza kuti chitetezo cha m'thupi mwake momwe chikulimbana ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, ndiye kachiwaloko kanafooka. Anamupatsa piritsi limodzi patsiku, n'kumuuza kuti abwerenso pakatha masabata asanu ndi atatu. Abwana a kushopu nawo anamupatsa masabata omwewo: akapanda kubwerera mwakale, makina ake apatsa wina.

"Sindinafunse kuti kangati, ndafunsa kuti bwanji," anatero dokotala. "Nambala iyi ya TSH ikakwera, ndiye kuti thupi likukuwira chithokomiro kuti chidzuke. Ndi piritsi imayenera kutsika. Yanu sinasunthe."

Apongozi ake, amene anamuperekeza, anasendeza mpando kutsogolo.

"Funsani ine, ndimamupatsa ndine. Sikisi koloko ndamuikira kale patebulo: tiyi wa mkaka wambiri, buledi, piritsi lanulo, ndi ofiira awiri."

"Ofiira ake ati?"

"Owonjezera magazi. Munthu akafooka chonchi ndi magazi basi. Ndinabereka ana asanu ndi mmodzi ine, sindine wadzulo."

Dokotala anaika cholembera pansi.

"Mayi, piritsi ili limafuna m'mimba mopanda kanthu. Madzi okha, kenaka kudikira ngakhale ola asanadye. Mkaka umaligwira, ofiira anuwo ndiye amaligwiriratu, limangodutsa osagwira ntchito. Komanso magazi ake ndi okwanira, sakufunika kuwonjezera."

Nasingano anayang'ana zala zake zotupa. Ankadziwa. Namwino wa pawindo la mankhwala ananena zimenezi tsiku loyamba lija, ndipo iye anakafotokoza kunyumba. Apongozi anaseka. "Mankhwala panjala? Ukufuna zilonda zam'mimba?" Iye analibe mphamvu zokangana. Kukweza kapu pakokha inali ntchito.

"Ndiye nditani tsopano?" anafunsa Nasingano.

"Tiyambirenso. Masabata ena asanu ndi atatu, tidzayezenso. Ndipo mukadzamva bwino musadzasiye, ili ndi la moyo wonse."

Apongozi anakwera basi ya kunyumba atafufuma. Nasingano anapita kushopu ndi kalata ya dokotala.

Anapeza mtsikana wachilendo pamakina ake, atatsitsa kale mpando, ulusi atausanja mwa njira yake. Anzake anawerama pansalu ngati sanamuone. Mmodzi yekha, wodula nsalu, anayesa nthabwala.

"Abwera a Juzi! Kunja kukuzizirabe?"

Palibe amene anaseka.

Abwana anawerenga kalatayo ataimirira, tepi ili m'khosi, n'kumubwezera.

"Ndamva, ndipo pepa. Koma kalata siisoka, mayi. Mayunifolomu a sukulu ziwiri akufunika Lachisanu."

"Zaka khumi ndi chimodzi, abwana. Makina amenewo ndimawadziwa kulira kwake."

"Ndinakudikira masabata amene ndinakupatsa. Ngati ukufuna, mabatani ndi mipendero zilipo, pakona apo."

Mabatani. Ntchito imene iye ankapatsa ophunzira.

Atafika kunyumba anapeza apongozi akufotokozera mwana wawo, mwamuna wake.

"Kundinyoza pamaso pa mpongozi wanga! Kamwana ka dzana, kavala gawuni yoyera basi kakudziwa zonse. Ndalakwa kudyetsa wodwala?"

"Amayi amangofuna kuthandiza," mwamunayo anauza mkazi wake, osamuyang'ana. "Usawakwiyire."

"Makina apita," anatero Nasingano.



"Ayi, ndi Mulungu, mwananga," anatero apongozi chapansipansi. "Ntchito zimapezeka."

Nasingano anatsegula kabati, natenga botolo lake la mapiritsi pakati pa shuga ndi masamba a tiyi, n'kuliika m'chikwama. Ofiira aja anawasiya patebulo.

"Awa ndi anu, amayi. Kuyambira mawa musandiphikire tiyi."

"Ndiye ndizitani m'nyumba muno? Ndizingokhala ngati mpando?"

"Muziphikira mwana wanu."

M'mawa mwake Nasingano anadzuka yekha, nameza piritsi ndi madzi, nakhala m'mphepete mwa bedi akuyang'ana wotchi. Kukhitchini makapu ankawombanitsidwa dala. Njala inamuluma, koma sanatuluke. Ola litakwana anamangira buledi wake m'pepala, nanyamula chikwama, n'kupita kukasoka mabatani.