Chifuwa cha Bambo Makiyi

M'tauni yonse munalibe munthu wodziwa kulankhulitsa filimu ngati Chimkokomo, ndipo munalibenso amene anamulakwira n'kupitiriza kuyenda monyada. Anayamba ndi kugulitsa mabatire m'mabasi, anayenda mayiko asanu ndi chikwama chimodzi, n'kubwerako ndi zilankhulo zinayi, kanema wamkulu ndi maikolofoni. Mu holo yake ankaima pambali pa kanemayo n'kumamasulira. Akalankhula msilikali, iye msilikali. Ikalira nkhalamba, iye nkhalamba. Ngakhale mfuti ankaipatsa mawu.

Amene anamulakwira anali landilodi wake wakale, Bambo Makiyi, amene ankamveka asanaoneke chifukwa cha mulu wa makiyi pa lamba. Iwo ankafuna chipinda kuti mphwawo atseguliremo shopu. Anadikira Chimkokomo atachoka kukagula masipika, n'kutulutsa katundu yense mvula ikugwa. Makina osokera a mkazi wake, Mayi Telala, anagwera m'matope. Mayiwo atadandaula, Bambo Makiyi anawakalipira msewu wonse ukuonerera: "Ehe-hem! Mwini pano ndine! Kalirireni mwamuna wanu wogulitsa pakamwa uja!"

Kuchokera tsikulo Mayi Telala ankazungulira njira yaitali popita kumsika, kuopa maso a anthu.

"Adzapepesa," anatero Chimkokomo. "Ndalumbira ine, adzapepesa anthu akumva."

Loweruka anaika filimu ya kubwezera, imodzi mwa zomwe zija: munthu wofatsa amuphera mkazi, iye afukula mfuti yake yakale, ayamba kuchotsa adani mmodzimmodzi mpaka kufika kwa bwana wawo. Bwana wa zigawengayo anamupatsa mawu a Bambo Makiyi, ndi chifuwa chomwe. "Ehe-hem! Mwini pano ndine!" Anthu anagwa m'mabenchi ndi phwete, ena akujambula m'mafoni.

Koma pofika Lachitatu, Bambo Makiyi anali atagula magalasi akuda. Oyendetsa njinga zamoto ankawaimbira hutala, iwo n'kumangogwedeza makiyi, mimba patsogolo.

"Zikomo bambo, mwawakweza udindo," anatero Mayi Telala, akupala dzimbiri pa makina awo. "Mafilimu anuwa munawaonetsetsa? Chigawenga chimadya nyama ola lathunthu ndi theka, suti yoyera, galimoto zinayi. Kufa kwake mphindi ziwiri. Angakane ndani moyo wotere?"

"Komabe chimafa! Anthu amabwerera chimenecho, mayi. Mlonda amene watukwanidwa sabata yonse amafuna aone, kamodzi kokha, wotukwana akugwa chagada."

"Nanga mkazi? Amafa filimu isanatenthe n'komwe, kuti mwamuna apeze chifukwa chothyolera anthu makosi. Alipo anamufunsapo chimene iye akufuna?"

Chimkokomo ananyamuka n'kulunjika ku holo. M'mawa wonse anakhala mu holo yekha, akuthamangitsa mafilimu ake. Analidi ofanana ngati mabatire a m'paketi imodzi, ndipo kufananako n'kumene kunamupulumutsa. M'filimu iliyonse munali kamunthu kena, osati bwana ayi, kakazitape kamantha kamene ngwazi imakagwira mwendo n'kukalendewetsa pa zenera mpaka kaulule zonse.

Loweruka linalo kamunthuko, mutu uli pansi miyendo m'mwamba, kanatsokomola.

"Ehe-hem! Musandigwetse achimwene! Mwini pano ndinu! Makiyi ndi awa, tengani onse!"

Chimkokomo anabweza malo amenewo katatu, anthu akupemphabe kachinayi. Sabata yotsatira kamunthu ka filimu ina kanabisala m'chimbudzi, kakutsokomola. Kenako kena kananyowetsa buluku. Mafilimu otere satha, ndipo iye anali nawo katoni yodzaza.

Magalasi akuda anasowa. Ochita lendi akangomva makiyi pakhonde ankayankha ali m'kati, "Musandigwetse achimwene!" Wogulitsa nyama naye, popereka nyama, ankatsokomola kaye.

Sabata yachisanu, filimu ya masana ili pakati, Bambo Makiyi analowa mu holo, makiyi atawafumbata kuti asalire. Chimkokomo anaimitsa filimu.

"Mwana wanga, tikambirane panja," ananong'ona bamboyo. "Ukufuna chiyani kwenikweni?"

"Ine? Ine ndimangogulitsa pakamwa, bambo. Funsani awa."

Mayi Telala anali pa benchi lakutsogolo, pamene ankakhala masana aliwonse kudikira tsiku limeneli. Anaimirira, anatenga maikolofoni m'manja mwa mwamuna wawo, n'kuwapatsa Bambo Makiyi.

"Panja ayi. Pompano. Ndipo mulankhule nokha, awa asakuthandizeni."

Bambo Makiyi anayang'ana kukhomo, koma anthu anali atadzaza kale pamenepo. Chifuwa chinabwera, anachimeza.

"Mayi, ndinalakwa. Ndinakutayirani katundu pa mvula, ndinakutukwanani popanda chifukwa. Pepani."

"Kumbuyoko mwamva?" anafunsa Mayi Telala.

"Sitinamve!"

Anabwereza, masipika atsopano aja akutumiza mawuwo mpaka kumsewu.

"Tsiku lija amene anaima n'kumandionerera anali anthu makumi awiri ndi atatu," anatero mayiwo. "Ndinawawerenga." Anatembenuka n'kuyamba kuwerenga mitu, benchi ndi benchi, chala m'mwamba, osafulumira, Bambo Makiyi ali chiimire thukuta likutsika m'khosi.

"Makumi anayi ndi awiri. Mwabweza, ndi zapamwamba zomwe. Mutha kupita."