Pasiwedi Ili ndi Mwini Wake

Sekilitale wa pasukulupo anali ndi kachinsinsi kake: pasiwedi ya tsamba lolembetsera ana mayeso sankaidziwa. Amene anailowetsa mu laputopu ndi mayi yemwe anali pampandowo kale, uja anachotsedwa ntchito sekilitale yemweyu atamunenera zabodza kwa ahedi. Ndiye laputopu ankaisamala ngati dzira, bulauza yotsegulira tsambalo osaitseka olo tsiku limodzi.

Tsiku lomaliza kulembetsa, tsamba lija linakana kutseguka, ati bulauza yakalamba.

"Mayi, bulauza yatsopano singalowe pa sisitimu yakale chonchi," anatero wokonza makompyuta. "Tifufute zonse, tiike zatsopano. Pasiwedi muli nayo, eti?"

Sekilitale analizemba funsolo. Zikavuta lero, ana onse a kalasi yomaliza salemba mayeso.

"Simungangoikakamiza, achimwene? Kapena tipemphe pasiwedi ina?"

"Nkhalamba olo muiveke nsapato za mpira sithamanga. Ndipo ina ija amatumiza pafoni ya amene anaika yoyambayo."

Ahedi anasuzumira pakhomo. "Zatheka? Makolo ali panjapa."

"Zikutheka, bwana!"

Anathawira kuseri kwa ofesi n'kuimbira mayi uja.

"Halo, achemwali, ndine..."

"Mawuwo ndawadziwa. Mwafuna chiyani?"

Anafotokoza zonse.

"Chifukwa cha anawo ndikupatsani. Koma kaye lowani kwa ahedi, muike foniyo pa sipika, munene zoona ine ndikumva."

Sekilitale anayang'ana chitseko cha ahedi. Anagogoda pang'onopang'ono, akupemphera kuti asamve.

"Lowani!"