Mabuku Ali Kumunda

A Lameck atatsegula bokosi lachitsulo lomwe ankasungamo mabuku awo, anapezamo mpunga. Unali wambewu, wa kilombero, wodzaza mpaka kukamwa. Anapisamo dzanja kufika m'chigongono, koma sanakhudze ngakhale tsamba limodzi.

Mabukuwo analemba okha ali ku Zomba. Munali la ndakatulo, awiri a ndale, lina la chikamwini, komanso nkhani yaitali ya mtsikana wotchedwa Ulemu. Chibwererereni kwawo ku Golomoti atapuma pa ntchito, bokosilo anali asanalitsegule. Ankati kuno anthu amadziwa mpunga ndi usipa basi. Ankanena moseka, koma zinkawapweteka kuti ku yunivesite dzina lawo limatchulidwa, pomwe kwawo ankangodziwika kuti amuna a Jenifa. Tsono lero mtsikana wina wa ku yunivesiteko, Vanessa, anali m'minibasi kubwera kudzaona mabukuwo, poti ena sapezekanso m'sitolo.

"Mayi a Onani, mabuku anga ali kuti?"

A Jenifa anali pakhonde, akumanga mpango. "Ali kumunda."

"Kumunda akukatani?"

"Akugwira ntchito. Bokosilo ndinalifuna ine, makoswe anandithera mbewu chaka chija. Tengani njinga mukawaone."

A Lameck anapalasa njinga mtima uli m'mwamba, akazi awo ali pakaliyala. M'maganizo ankaona ndakatulo zawo atakulungira fodya. A Jenifa, amene ankawadziwa bwino amuna awo akatupa, anangowasiya.

Ku sikimu ya mthirira ya Bwanje mpunga unali utayamba kucha. Nyengo imeneyi munthu sachoka kumunda, chifukwa akangotembenuka mbalame zimagwa. Aliyense amakhala pansanja yake tsiku lonse, chingwe chomangirira zitini chili m'manja, n'kumakoka kuti ziphokosere. Ntchitoyi si yolemetsa, vuto lake ndi tulo.

"Ndinayamba n'kubwereketsa munthu mmodzi buku kuti asamaodzere," a Jenifa anatero potsika. "Kenako mabuku anayamba kuyenda okha, nsanja ndi nsanja."

Pansanja yoyamba panali a Ireen, mnzawo wa a Jenifa wa kutchalitchi. Buku la chikamwini analikutira ndi pepala la shuga. Linali litakalamba lonse, m'mphepete muli bii ndi zala za anthu.

"Ili ndinawawerengetsa amuna anga kawiri," anatero. "Koyamba anakwiya. Kachiwiri anakamanga khitchini."

A Lameck anafuna kukalipa za dothi la m'bukulo. Asanayambe, anamva wina akuitana kuchokera pansanja ina. Anali a Bizwick, msodzi wakale wa ku Mtakataka amene anasiya nyanja bondo litayamba kuvuta. Anabwera akutsimphina, buku la ndale ali nalo m'khwapa.

"Achimwene, ndakhala ndikukudikirani. Apa munaphonya. Munalemba kuti wosauka amavotera nsalu. Nsaluyo timalandiradi, yaulere ikanidwa bwanji? Koma m'kachipinda kovotera muja munthu amakhala yekha."

"Nanga bwanji opereka nsaluwo amapambana?" a Lameck anafunsa, mosadziwa kuti akweza mawu.

"Si onse. Werengani bwino."

"Ndiwerenge bwino buku langa lomwe?"

Anakangana ataima pamzere wa pakati pa minda, wina kuloza tsamba, wina kuloza kumwamba. Ku Zomba anthu ankawayamikira a Lameck mwaulemu, tiyi ali m'manja, koma panalibe amene anawatsutsapo thovu lili kukamwa chonchi. Anazindikira kuti akusangalala, ndipo manyazi anawagwira pang'ono.

Phokosolo linakoka anthu a m'minda yoyandikana. Mmodzi anabweretsa nkhani ya Ulemu, yopanda chikuto, masamba otsiriza palibe.

"Inadya mbuzi," a Ireen anafotokoza. "Ndiye chaka chilichonse timakangana. Mwamuna wa Ulemu uja anabwerako ku Joni kapena ayi? Ife a mbali ino timati anabwera, ndi njinga yatsopano."

"Abwere kudzatani?" a Bizwick anadula. "Ulemu anakwatiwa ndi wachigayo uja. Munthu ankamugayira ulere, inu mumati n'chiyani?"

Onse anatembenukira kwa a Lameck. Iwo ankadziwa zomwe analemba. Mwamunayo sanabwere, wachigayo sanafunsire, ndipo Ulemu anakalamba akuyang'ana kumsewu. Nthawi imeneyo ankaona ngati nkhani yabwino iyenera kutha ndi misozi. Tsopano anayang'ana nkhope zimenezi, za anthu amene anamusamala mtsikana wawo zaka zonsezi kuposa mmene iwo anamusamalira, ndipo m'maso mwawo munayamba kulengeza misozi.

"Ndikakuuzani lero," anatero, "chaka chamawa mudzakangana za chiyani?"

Kunabuka chiseko ndi madandaulo. A Bizwick anati olemba mabuku ndi andale n'chimodzimodzi, kuyankha funso sadziwa. Pomwepo wina anakuwa kuti mbalame zagwa, anthu n'kubalalika kuthamangira kunsanja zawo, zitini zikulira ponseponse.

Foni ya a Lameck inaitana. Anali Vanessa.

"Ndatsika pa Golomoti, bambo. Kunyumba ndifika bwanji?"

"Kunyumba kulibe mabuku, mwanangu. Kwera kabaza, unene kuti kusikimu. Koma uwerengera konkuno, kubwereka sungathe, pali mzere."

Atadula foni anapeza a Jenifa atakwera kale pansanja yawo. Anawasendera malo, n'kuwapatsa chingwe. Kenako anatulutsa kabuku kakang'ono m'thumba la chakudya. Kanali ka ndakatulo.

"Aka sindibwereketsa," anatero. "Kokani chingwecho, bambo, mbalame zikutha mpunga."