Mchenga Wakuda wa M'botolo Nambala 17

"Ndakufunsani za botolo, osati za silabasi! Botolo la mwana wanga lili kuti?"

Maame Ntiriwaa analowa mu labu opanda odi, magambuti ali matope okhaokha, chikwanje m'manja. Chikwanjecho anangoiwala kuchisiya kumunda, koma ana a Fomu 2 amene ankatsuka mabotolo pa sinki atachiona anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Anangotsala Nyamekye, mwana wa Maame, atazolika.

Madamu Tandoh, tichala wa kemisitiri, mtsikana wa ku Cape Coast amene wangobwera chaka chino, anakoka mpando.

"Maame, takhalani kaye pansi."

"Mpando kwathu uliko."

"Chabwino. Botolo ndi ilo pawindopo. Palibe walikhudza."

Maame anatembenuka. Eee, mabotolo kuyambira uko mpaka uko, lililonse ndi dothi, madzi, dzina la mwana ndi nambala. Pakhoma panali mapu a dera lonse ojambula pamanja, atabayidwa timapini. Kuwerenga Maame amakudziwa pang'ono, koma kamtsinje kodutsa kumunsi kwa munda wawo wa koko anakazindikira pompo. Pokhota penipeni paja, kapini kofiira, 17.

"Izi ndi za sukulu izi?"

"Ndi yuniti yachitatu, ya dothi ndi miyala," anatero Madamu, mawu aja oyankhulira m'kalasi. "Mwana aliyense amabweretsa sampulo ya kwawo. Timathira madzi, kukhutchumula, ndiye mchenga umakhala pansi, matope pakati, dongo pamwamba. Kenako pulakitiko ya maginito. Timawakulunga m'pulasitiki n'kudutsitsa m'dothi louma, kuona zomwe zikakamire. Nyamekye anakhoza kwambiri, Maame. Maginito ake anatuluka bii ndi mchenga wakuda. Kalasi yonse inawomba m'manja."

Kuwomba m'manja! Maame anamuyang'ana tichalayo kuyambira nsapato mpaka wigi. Kodi akunamizira kapena ndi wopusadi? Kuno ngakhale mwana wa pulayimale amadziwa kuti pamene pali mchenga wakuda golide sakhala patali. Agalamuse, anyamata okumba golide mozemba aja, ndi umene amayamba kuusaka m'beseni. Munthu wa digiri asadziwe zimenezo? Shuwa?

"Lachiwiri ndinapeza anyamata awiri kumtsinje kwanga," anatero Maame. "Njinga yamoto, beseni, fosholo. Ndikuwafunsa, akuti tikusaka nkhono zandiwo. Nkhono, chilimwe chino, ndi fosholo? Zaka zonsezi palibe anapondako. Mwana wanga watapa dothi sabata yatha, sabata ino alendo. Tandiuzeni, Madamu, akukupatsani chiyani?"

"Ine? Maame, seriyasi mukuganiza kuti..."

"Kuganiza ndasiya. Ndikufunsa."

Anali ataziona ndi maso awo kutsidya, pamunda wa malemu Kwarteng. Zinayambanso choncho, anyamata awiri ndi beseni. Mwezi usanathe ekisikaveta inali italowa, ndipo lero pali maenje okhaokha, madzi ake ngati tiyi wamkaka. Munda wa Maame ndi wa kuchikazi, anasiya mayi awo, koma mitengo yatsopano yonse anabzala okha, ndipo chaka chino ndi pamene yayamba kubereka bwinobwino.

"Mapuwa sanatulukepo muno," anatero Madamu. "Labu ndimakhoma ndekha, kiyi ndi uyu."

"Ndiye mchengawo unayenda wokha kukawauza?"

Dzanja la Madamu linapita pafoni ili patebulo, kenako linabwerera. Maame anaona. Munthu wogulitsa koko kwa anthu a sikelo amaphunzira kuyang'ana manja.

"Mufonimo muli chiyani?"

"Palibe... ndinangoposita chithunzi pa gulupu ya makolo. Ndimatero pa akitiviti iliyonse, kuti makolo aziona zomwe ana akuchita."

"Ine ndine kholo. Sindinaone."

"Foni yanu ilibe WhatsApp, amayi," Nyamekye anayankhula koyamba, mawu ali pansipansi. "Pa fomu paja ndinalemba nambala ya amalume."

Amalume ake ndi Bediako, mlongo wawo wa Maame, amene chichokereni ntchito ya mathiraki wakhala akuimba nyimbo imodzi: koko ndi ukapolo, achemwali, anzathu akumanga nyumba zosanja. Pamunda wa banja mawu ake amamveka, ndipo akulu awiri a banja anali atawakokera kale mbali yake. Chimene chinkamusowa ndi umboni woti pansipo palidi kanthu.

"Werenga," anatero Maame, kuloza foni. "Osati inu. Mwanayu awerenge."

Madamu anapereka foni. Nyamekye anasuntha ndi chala, kudutsa mauthenga a ndalama za PTA ndi mapemphero a m'mawa, mpaka anafika pa chithunzi chake chomwe, akumwetulira, maginito ali m'manja akuda ngati mutu wa chule.

"Amalume anakomenta kuti, ‘Wakhoza mphwanga. Madamu, dothi labwinoli watapa pati?’"

"Ndiye?"

"Madamu anayankha kuti, ‘Pokhota mtsinje, kumunsi kwa munda wa amayi ake.’" Nyamekye anayang'ananso pa sikirini. "Ndi ka emoji kowomba m'manja."

Madamu Tandoh anakhala pa mpando uja anakokera mlendo.

"Ndinkaona ngati akunyadira mwana. Bambo amene aja ndi mmodzi mwa makolo ochepa amene amathandiza labu ino. Tinalibe maginito olo amodzi, iwo ndi amene anatibweretsera khumi, ochotsa m'masipika akale."

"Liti?"

"Temu itangoyamba. Anabwera kudzaona mayuniti amene ndakonza, ndiye anati ya dothiyi ikhala bho kwambiri ana akamatapa m'mbali mwa mitsinje, osati pakhomo."

Maame anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. Anayang'ananso mapu aja. Timapini tonse, makumi anayi ndi kaya tingati, tinali titandanda m'mitsinje ndi m'makhwawa a minda ya eni ake. Ana a sukulu amusakira Bediako dera lonse, ulele, n'kupatsidwa mamakisi pamwamba.

Koma mtima sunakhazikike. Mtsikanayu akunjenjemera milomo, inde, koma ndani sadziwa kunjenjemera? Foni yake ndi yatsopano. Mwina anagula yekha. Mwina.

"Ndidilita pompano," anatero Madamu, zala zili pa sikirini. "Mapunso ndichotsa. Mabotolo onse ndikataya."

"Mwadilita m'mutu mwa Bediako?"

"Amayi, Madamu sankadziwa," anatero Nyamekye.

"Iwe khala chete, wasayansi wamkulu. Kutapa dothi la agogo ako osandiuza, ngati ukutapa shuga."

Maame anapita pawindo, nanyamula 17, nalipendeka padzuwa. Pansi penipeni panali kamzere kakuda, kopyapyala ngati ulusi. Analikulunga m'nsalu. Loweruka banja likumana, ndipo tsopano anadziwa chimene mlongo wawo akabwere nacho mufoni.

Madamu anaimirira. "Ndiloleni ndipite nanu, Maame. Ndikawafotokozere akuluakuluwo kuti mchenga wakuda ndi chitsulo chabe, si umboni wa golide. Mwasayansi ndikhoza kuyankhula..."

"Mwayankhula kale zokwanira," anatero Maame, natola chikwanje chawo n'kutuluka.