Ndiye Kuti Unkatha

Kuyambira ali kamtsikana anthu ankamutcha Chiiwale, ndipo dzinalo anakula nalo mpaka kulowa nalo m'banja. Anali telala wa luso ndithu. Diresi akalimaliza, aliyense ankalisirira. Vuto linali kulimalizako. Patebulo pake pankakhala siketi yopanda zipi, buluku la mwendo umodzi, malaya odikira mabatani chiyambire mwezi watha. Akati adzuke akatenge ulusi, ankapezeka ali kukhitchini akutsuka makapu, ulusi ataiwala kalekale.

Amuna ake anapirira zaka khumi ndi zinayi, ngati kulalata tsiku ndi tsiku n'kupirira. Ankakonda kunena kuti, "Iwe mutuwu ukanakhala wochotsa, bwenzi utausiya m'basi." Tsiku limene anawotcha shati yawo ya kuntchito kachitatu, atasiya simbi pakolala n'kukayamba macheza pakhomo, bamboyo analongedza sutikesi n'kumapita. Mwana wawo wamkazi anatsala ndi mayi ake.

Mwanayo ndi amene anaulula nkhani yonse. Aphunzitsi ake anati akaonedwe ndi dokotala chifukwa sankakhazikika m'kalasi. Dokotala ankafunsa za mwana, koma funso lililonse linkalasa mayi. Kodi amaiwala zimene wauzidwa pompano? Amayamba zinthu osamaliza? Potsiriza dokotala anaika cholembera pansi n'kumuyang'ana.

"Nanga inuyo mayi, zimakuchitikirani?"

Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, Chiiwale anamva koyamba kuti vuto lake lili ndi dzina, ADD, ndiponso kuti ubongo wa anthu ena umavutika kugwira chinthu chimodzi nthawi yaitali. Sunali ulesi, sunali mwano.

Dokotala anamutumiza kwa mlangizi, mayi wamfupi wosaseka pachabe, amene ankakumana naye Lachinayi lililonse m'kachipinda ka mipando iwiri.

"Mutu wanu musamausungitse kanthu, ndi thumba lobooka," anatero mlangizi tsiku loyamba. "Chilichonse muzichiika poti maso achione."

Chiiwale anakhoma bolodi pamwamba pa makina ake osokera. Pabolodipo ankalemba ndi choko zovala zitatu zokha za tsikulo, zina zonse n'kuzitsekera m'kabati kuti zisamamukope. Foni inkalira pakatha mphindi makumi awiri, apume pang'ono, abwerere pa chovala chomwecho. Sizasi anaimangirira ndi chingwe kumwendo wa tebulo. Makiyi anawapezera msomali kuseri kwa chitseko. Kasitomala akanena muyeso, iye ankabwereza mokweza n'kulemba pomwepo, munthuyo asanatuluke.

Sizinayende myaa. Bolodi analiiwala sabata yathunthu, ndipo Lachinayi lina anafika kwa mlangizi Lachisanu. Mlangizi sanakalipe. Anangoti, "Yambiraninso." Kwa munthu wozolowera kukalipiridwa, mawu amenewo ankamveka achilendo. Patatha miyezi isanu ndi itatu, zovala za anthu zinkatuluka pa tsiku lake. Chiiwale anamulemberanso mwana wake kakhadi ka zoyenera kulongedza m'chikwama.

Loweruka lina m'mawa bambo a mwanayo anabwera kudzamutenga kuti akacheze kwawo. Nthawi zonse ankadikira pageti, koma tsikulo kunali mvula, choncho analowa. Anaima pakati pa chipinda akuyang'ana uku ndi uku: pansi popanda tizidutswa ta nsalu, madiresi atatu osita bwino ali pamahang'ala, bolodi lolembedwa mwadongosolo. Tsiku limeneli Chiiwale anali atalilota kambirimbiri. Anawafotokozera za dokotala, za mlangizi, za foni yolira, mawu akuthamangitsana pakamwa.

Bamboyo anakoka chingwe cha sizasi n'kuchisiya.

"Ndiye kuti unkatha," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Unkatha. Zaka khumi ndi zinayi ndikudya zopserera, ndikupita kuntchito ndi shati yobooka, anzanga akundiseka. Mankhwala ake anali choko ndi kachingwe basi? Unkandichita dala iwe."

"Sindinkadziwa, bambo a mwana. Palibe amene anandiuzapo. Dokotala akuti ubongo wanga..."

"Masiku ano ulesi nawonso uli ndi dzina la kuchipatala eti? Wadikira ndichoke kuti ukhale munthu."

Mwana anali ataima pakhomo la kuchipinda, kakhadi kake kali m'manja, akuwerenga ngati walongedza zonse. Chiiwale anamuona akukapinda pang'onopang'ono n'kukabisa m'thumba la siketi. Anatuluka ndi bambo ake osacheuka. Atabwerako Lamlungu masana anati, "Adadi akuti ine sindikudwala, ndingofunika kuchangamuka." Kakhadi anali atakataya.

Lachinayi Chiiwale anafika kwa mlangizi nthawi isanakwane. Sanatsegule kope limene ankalembamo malangizo.

"Bambo anga ankandikwapula mpaka anamwalira akukhulupirira kuti anabala chitsiru," anatero. "Sukulu ndinasiyira panjira. Banja linatha. Inu mwandikonza ndi msomali umodzi. Msomali! Ndikanakhala kuti sindinachite bwino, bwenzi akunena kuti ndine waulesi. Ndachita bwino, akuti ndinkachita dala. Ndiye ndipite kuti?"

"Zaka zimenezo sindingakubwezereni," anatero mlangizi. "Njira yake ndilibe. Ndipo sindikuuzani kuti musakwiye."

"Sindinabwere kudzapempha chilolezo chokwiya."

"Chabwino. Nanga lero tichite chiyani?"

Chiiwale anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mundiphunzitse mmene ndingamuuzire mwana uja kuti bambo ake akulakwitsa, koma osawatukwana. Pandekha ndiwatukwana."

Mlangizi anamupatsa pepala ndi cholembera. "Lembani mawu oyamba amene mudzanene."

Analemba mzere umodzi, n'kuuwerenga. Munali kale chipongwe. Anaufufuta mwamphamvu mpaka pepala linang'ambika, ndipo anatambasula dzanja kupempha lina.