Magazi pa Tebulo la Kemisitiri

Chitseko cha labotale chitamenyetseka kukhoma, Mayi Injiniya sanatembenuke. Fungo la girizi linamuuza kale kuti mwamuna wake wafika.

Mayiyu anali ndi digiri ya uinjiniya wa madzi, koma akuluakulu a yunivesite anamuuza kuti sangayambe digiri yachiwiri asanakhoze phunziro la kemisitiri, limene sanaliphunzirepo pa digiri yoyamba. Tsikuli linali la mayeso otsiriza, ochita ndi manja. Aliyense anapatsidwa kabotolo kamodzi kokha ka asidi wosadziwika mphamvu yake, kuti adonthezeremo mankhwala kuchokera m'chubu chachitali chagalasi mpaka madziwo atayamba kufiirira. Wotaya asidi wake, kapena wochoka pa tebulo mtundu usanasinthe, ndiye kuti walephera, ndipo malo ake pa digiri yachiwiri apatsidwa wina.

"Tiye kunyumba, iwe," anatero mwamunayo, makaniko wa pagalaja, atagwira sipanala kumanja. "Digiri imodzi ija inakukwezera kale mapewa. Yachiwiriyi ndiye uzidzandituma madzi osamba?"

"Bambo a mwana, ndili pa mayeso. Dikirani panja, tikambirana."

"Tamumvani! Wandisandutsa mlonda wa pageti."

Mphunzitsi, bambo wa imvi wowonda ngati bango, anaima pakati pawo. "Akulu, muno simulowa munthu wopanda chovala choyera ndi magalasi otchinga maso."

"Magalasi? Ndabwera kudzawotcherera zitsulo ine?"

Sipanala inatera pa phewa la mphunzitsiyo, ndipo anagwa chagada pakati pa mipando. Ophunzira ena anathawira kukhoma akukuwa. Mayi Injiniya anatseka kampopi ka chubu chake, nakankhira kabotolo kake kuseri kwa chitsulo chogwiriziza chubucho, kenaka anaima kutsogolo kwake atatambasula manja. Chibakera chinamupeza pamphuno. Anamva kukhirichika m'mutu monse, koma anakakamira m'mphepete mwa tebulo ndi zala zonse. Mwamunayo anamukoka tsitsi. Iye anamuluma pa mkono mpaka anamva mchere wa magazi m'kamwa.

Makaniko anabangula, nakweza sipanala m'mwamba kuti aphwanye chubu chija. Sipanalayo inakola shelefu ya pamwamba, ndipo botolo lalikulu la asidi waukali linasweka pamutu pake penipeni, asidiyo nayenderera pamphumi ndi m'masaya.

Anachita zimene amachita pagalaja tsiku lililonse akadonthedwa ndi kanthu: anasolola sanza yagirizi m'thumba la ovololo, nayamba kudzipukuta kumaso mwamphamvu. Potero anawazira asidiyo m'maso ndi m'khosi. Kulira kwake sikunalinso kwa munthu wamkulu.

"Tayani sanzayo, mukudzipha!" anakuwa mkazi wake. "Madzi! Mugwireni mumuike pampopi!"

Wosamalira labotale, chimphona cha munthu, anamugwira pakhosi ngati mbuzi, namukokera kusinki, namukanikiza mutu pansi pa mpopi. Makaniko ankaponda uku ndi uku.

"Amayi a mwana! Ndikupsa ine! Bwera undigwire!"

Sinkiyo inali kutsidya kwa chipinda. Phazi la mayiyo linanyamuka lokha, monga linkanyamukira nthawi zonse mawu amenewo akaitana, kenaka linabwerera pamalo pake.

"Musamuchotse pamadzipo ngakhale akutukwaneni," anauza wosamalira labotale. "Mutsekuleni zikope ndi zala."

Mayi Injiniya anabwezera kabotolo kake pansi pa chubu. Magazi a m'mphuno ankadontha pa tebulo, ndipo anazindikira kuti dontho limodzi likagwera m'kabotolomo lifiiritsa madziwo nthawi isanakwane, ntchito yonse n'kuwonongeka. Anatseka mphuno ndi mkono wa chovala chake choyera, napendeketsa mutu, nayang'ana ndi diso limodzi lomwe linali lisanatupe. Anatsamiritsa dzanja pa chitsulo chija, natsekula kampopi pang'ono chabe.

Dontho la mankhwala linagwa, kufiirira kunaoneka, koma kunazimiririka atagwedeza kabotolo. Linagwanso lina. Kumbuyo kwake mwamunayo ankaitana mayi ake omubala, madzi akumulowa m'kamwa. Dontho lotsatira litagwa, madzi onse anafiirira mopepuka, ndipo mtunduwo sunachokenso.

"Aphunzitsi, bwerani muone."

Mphunzitsi anadzuka movutikira atagwira phewa lake lothyoka, nasuzumira kabotoloko kwa kanthawi.

"Mtundu umenewu ndi wa mankhwala kapena ndi magazi anuwo, mayi?"

"Magazi anga ali patebulopa ndi pamalayapa. M'kabotolomo simunagwere ngakhale dontho."

Mphunzitsiyo anakweza kabotoloko ku kuwala kwa zenera, nawerenga muyeso pa chubu, nagwedeza mutu movomereza. "Mwakhoza. Tsopano mutha kuchoka pa tebulo."

Mayi Injiniya anavula magalasi otchinga maso, nayenda pa zidutswa za botolo mpaka kusinki. Anasuzumira nkhope yosupuka ya mwamuna wake, nawonjezera mphamvu ya madzi.

"Itanani ambulansi," anauza ophunzira anzake. "Muitanenso apolisi."