Kachikopa m'Makina a Asiatu

M'zaka zija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani, pa Boma lonse la Mchinji makina otsukira mbale anali m'nyumba imodzi yokha, ya a Dauda, mwini golosale ya pafupi ndi depoti. Anawagula ku Chipata kwa mzungu wina amene ankatseka famu. Anthu anaseka kuti mwamuna wokwatira agulirenji manja achitsulo, koma a Dauda ankadziwa zala za mkazi wawo. Asiatu anali ndi nyamakazi, ndipo madzi ozizira a mwezi wa Juni ankamulowa mpaka m'mafupa.

Makinawo anawaphunzira mofatsa. Mbale ankayamba wazipala zotsalira, n'kuziimika m'munsi zoyang'ana pakati, ina osabisa inzake. Makapu ankapita pamwamba chozondotsa kuti asasunge madzi. Masupuni sankawaunjika pamodzi, chifukwa akagonerana amatuluka ndi mafuta awo. Sopo anali wakewake, waufa, supuni imodzi m'kachitseko ka m'kati. Tsiku lina anayesa sopo wochapira zovala, thovu linatuluka mpaka pakhonde, nkhuku n'kubalalika.

Amene anamuthandiza kukolopa tsiku limenelo, misozi ya kuseka ili mbwee, anali Rozi wa kuseri kwa mpanda, Mkatolika wa ku Ludzi, mkazi wa kalaliki wa pa Boma. Awiriwa ankavina mzere umodzi ku magule a amayi a chipani, ndipo Asiatu atachira mwana wake Siti, phala loyamba anamuphikira ndi Rozi. N'chifukwa chake munthu yekhayo amene anaphunzitsidwa makinawo anali iyeyo.

"Lamulo la mzungu ndi sopo," anatero Asiatu. "Langa ndi ili: chilichonse chimene chakhudza nkhumba chisalowe muno."

"Iii, amake Siti! Mukuuza ine zimenezo? Ndine mlendo kodi?"

Kenaka ku Namwera kunagwa maliro a mlongo wake wa Asiatu. Banja lonse linapita, kiyi n'kusiyira Rozi kuti azidyetsa nkhuku. Sabata yomweyo Mateyo, mwana wa Rozi, anakwatira ku Ludzi, phwando n'kudzachitikira kwa makolo ake pa Boma.

Atabwerako, Asiatu anapeza pakhomo posesedwa, nkhuku zokhuta. Anthu anayamba kubwera kudzapepesa maliro, ndipo makina ankalira m'mawa ndi masana. Anabwera amayi a ku mzikiti, anabwera akazi a shehe. Rozi sankasowa. Ankakhala pakati pawo n'kumathandiza kugawa tiyi.

M'mawa wina madzi anachedwa kutuluka. Asiatu anagwada, n'kuzula sefa ya pansi. Munali timpunga, kachigoba ka dzira, ndi kachikopa kotuwa kokhala ndi mafuta oyera kunsi, ubweya wake wolimba ngati wa burashi. Mbuzi ilibe ubweya wotero, ng'ombenso ayi.

Anakatola ndi kamtengo, n'kupita nako kumpanda.

"Amake Mateyo, tabwerani."

Rozi anabwera akupukuta manja pachitenje. Ataona kamtengoko anaima.

"Iyi ndi mbuzi yanji?" anafunsa Asiatu.

"Amake Siti, tamverani kaye. Mbale zinali phiri, zobwereka ku tchalitchi, ndipo ankazifuna m'mamawa. Msana unali utandikana. Koma ndinapala bwinobwino, ndinaimika monga munandionetsera, sopo ndinathira wake uja, supuni imodzi, osapitirira."

"Sindikufunsa za sopo."

"Madzi ake otentha aja amasiya kanthu ngati? Inu nomwe mumati mbale zimatuluka zoyera kuposa za m'sitolo." Rozi anayesa kuseka. "Kakanapanda kachikopako, mukanadziwa?"

Asiatu anamuyang'ana m'maso. Ndiye kuti munthuyu anali ataganizapo kale, n'kuona kuti sizidziwika.

"Munakhala pamkeka wanga," anatero motsitsa mawu. "Kapu munapereka ndi dzanja lanu kwa akazi a shehe."

"Munali pamaliro, mnzanga. Ndikanakuwonjezerani chisoni china?"

Asiatu anaponya kamtengoko kudzala, n'kulowa m'nyumba.

Kwawo anaphunzira ali mtsikana kuti chiwiya chimene chakhudzidwa ndi nkhumba sichiyera ndi sopo yekha. Chimafuna madzi mobwerezabwereza, ndiponso dothi loyera. Anakumba dothi kuseri kwa dimba, kumene sikupita galu. Anatulutsa mbale zonse, makapu, masupuni, ngakhale mbale zagalasi za alendo, n'kukhala nazo pampope wa panja. Kunali chisanu. Pofika masana zala zinali zitatupa moti supuni inkamupulumuka.

A Dauda atabwera kudzadya anapeza pamoto pali zii. Anamva nkhani yonse ali chiimire, osadula mawu.

"Mbalezi ndamva," anatero. "Makinawo tiwapukute m'kati ndi dothi lomwelo, titsukuluze bwino."

"Nanga m'mapaipi mmene dzanja silifika? Madzi aja anadutsa momwemo."

"Dothi likalowa m'pampu, basi, amake Siti. Wokonza kuno kulibe, ndipo ena otere sindingawapezenso. Taonani manja anuwo. Bwanji tikafunse kaye kwa shehe?"

"Mukawauzenso chimene akazi awo anamwera tiyi?"

 A Dauda anavala chipewa, n'kubwerera ku golosale ndi njala.

Asiatu analowa m'khitchini, n'kuima pamaso pa makinawo. Ankadziwa kuti mwamuna wake wanena zoona. Ankadziwanso kuti akawasiya chomwecho, mbale iliyonse yotuluka mmenemo aziiyang'ana kawiri, ndipo mlendo aliyense azimupatsa chakudya mtima uli m'mwamba. Anatsegula kachitseko ka sopo, n'kuthiramo dothi, lina n'kuwaza pansi pamene pamakhala sefa. Anatseka, n'kudina batani.

Madzi analowa monga mwa masiku onse. Makina analira bwino kanthawi, kenaka mawu anasintha, akukukuta ngati chigayo chimene chameza mwala. Ananjenjemera, n'kuzima. M'khitchini munamveka fungo la waya wopsa.

Phokosolo linafika kuseri kwa mpanda. Asiatu akutuluka ndi beseni la makapu otsala, anapeza Rozi atasuzumira pakati pa udzu, maso ofiira.

"Amake Siti, makina atani?"

"Ayera," anatero Asiatu.

Anakhala pansi chofulatira mpanda, n'kutsegula mpope, n'kuviika manja m'madzi.